Funso limene anawafunsa a Mapanje, anamufunsanso mlongo wanga

Buku la a Jack Mapanje lotchedwa And Crocodiles Are Hungry at Night ndinabwereka kwa mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi ku Chanco, ndipo ndakhala nalo miyezi isanu. Akawerenga izi adziwe kuti sindinataye. Ndi chibuku cholemera, masamba oposa 400, m'kachikwama kanga sichilowa, ndiye ndinkawerenga usiku kunyumba kuno ku Biwi, magetsi akazima ndikuunikira ndi tochi ya pafoni. Ndamaliza sabata yatha. Muli zambiri zoti munthu n'kunenapo, koma ine ndakakamira pa chochitika chimodzi cha koyambirira, chifukwa chinandikumbutsa m'mawa wina mu 2019 pamene mayi anga anamanga chitenje mothamanga kupita kupolisi.

Kwa amene simuwadziwa bwino (musachite manyazi, ambirife kusekondale tinangomva dzina basi), a Mapanje ndi mlakatuli, ndipo anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College ku Zomba. Buku lawo la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linatuluka mu 1981, ndipo mu 1985 boma linalamula kuti lichotsedwe m'masitolo ndi m'malaibulale. Pa 25 September 1987 apolisi anawatenga ku Gymkhana Club ku Zomba. Anakhala kundende ya Mikuyu zaka zitatu, miyezi isanu ndi iwiri ndi masiku 16, osazengedwa mlandu. Anatuluka mu May 1991, kenako anasamukira ku England ndi banja lawo. Buku limene ndikunenali linatuluka mu 2011, patatha zaka 20 chitulukireni m'ndende.

Chochitika chake ndi ichi. Atawamanga, anawatengera ku Blantyre n'kuwalowetsa m'chipinda modzaza akuluakulu a polisi. Mkulu wa onsewo akuwauza kuti lamulo loti amangidwe lachokera kwa Kamuzu mwiniwake, koma apolisi afufuza m'mafayilo awo ndipo sanapezemo kanthu. Ndiye akuwapempha iwowo, womangidwawo, kuti afotokoze kuti ndi ndani, ndiponso chifukwa chimene akuganiza kuti akumangidwira.

A Mapanje amalemba zimenezi ngati sewero loseketsa, ndipo ndinasekadi. Apa m'pamene pali luso lawo lenileni: salira pamaso pa owerenga, amangoika zopusa za ulamuliro pambalambanda kuti uzione wekha. Koma ukamaliza kuseka umazindikira chimene chachitika m'chipindamo. Mlandu watembenuzidwa. Womanga alibe chifukwa, ndiye womangidwa ndi amene apereke chifukwa. Boma silikufunika kutsimikiza kuti walakwa. Iwe ndiwe ufotokoze kuti ndiwe ndani, ndipo chilichonse chimene unene sichikutulutsa, poti chigamulo chinapangidwa usanalowe.

Mlongo wanga wamng'ono anali ndi zaka 19 nthawi imeneyo. Mayi amagulitsa tomato ndi anyezi, ndipo iye ndi amene ankalawira kukapikula ku Wakawaka, chifukwa ukafika dzuwa litatuluka umapeza wabwino atatha. Tsiku limenelo anadzuka cha m'ma 4 koloko, ndalama ya geni m'thumba, dengu m'manja. Sanafike patali. Galimoto inaima, tochi kumaso.

"Ndiwe ndani iwe? Ukutani kuno nthawi ino?"

"Ndikupita kopikula tomato, bwana."

"Tomato wa usiku? Kwera."

M'galimotomo anapeza anzake atadzaza kale: wakabaza wina, mlonda amene ankaweruka, amayi awiri. Uthenga unatipeza cha m'ma 8 kudzera kwa mnzake amene anaona. Ine ndinali patchuthi, mutu wodzaza ndi zimene tinkaphunzira ku Zomba za ufulu wachibadwidwe, ndiye ndinati ndiperekeze mayi ndikayankhule. Tili pageti la polisi ina imene sinditchula, mayi anandigwira dzanja n'kunena chapansipansi kuti, "Iwe, sukulu yakoyo uisiye panja pano. Ukangotsegula kamwa mwanayu agona masiku atatu." Ndinamvera. Pakhoma panali pepala lonena kuti belo ya kupolisi ndi yaulere. Tinaliwerenga tonse awiri, kenako mayi anamasula mfundo ya pachitenje. Anatuluka madzulo, ndalama ya tomato itapita, mlandu osalembedwa paliponse pamene ife tinaona.

Kwathu kuno zimenezi zili ndi dzina, timati wagwidwa vakabu, ndipo timazitchula ngati mvula: yagwa, yamunyowetsa, basi. Sindinaganizepo kuti nkhani imeneyi ndi ya mtundu umodzi ndi ya a Mapanje mpaka nditawerenga za chipinda chija. Koma funso lake ndi lomwelo. Ndiwe ndani, fotokoza. Kusiyana kwake n'kwakuti wina anafunsidwa ndi mabwana pa lamulo la Ngwazi, wina anafunsidwa pamsewu pansi pa malamulo a demokalase.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mu 2019 lamulo limene ankagwirira anthu motero linali litagwa kale. Mu March 2015 ku Blantyre, wogulitsa majumbo wina, a Mayeso Gwanda, anagwidwa mbandakucha akuyenda wapansi kupita kokagulitsa malonda awo. Anawazenga mlandu pansi pa gawo 184(1)(c) la Penal Code, limene linkalola kumanga munthu wopezeka pamsewu kapena pamalo aliwonse pa nthawi imene wapolisi waganiza kuti ameneyu ali ndi zolinga zoipa. Osati wachita choipa ayi, kungoganiziridwa. A Gwanda sanavomere mlandu kuti alipire kachindapusa azipita, monga ambirife timachitira. Mothandizidwa ndi mabungwe a CHREAA ndi Southern Africa Litigation Centre anapita kubwalo lalikulu, ndipo mu January 2017 oweruza atatu anagamula kuti gawo limeneli likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu 2022 bwalo lalikulu ku Zomba linanenanso, pa mlandu wa anthu amene anasesedwa usiku ku Kasungu, kuti mchitidwe wongokokolola anthu mwachisawawa ndi wosemphana ndi malamulo.

Ine, womaliza maphunziro a ku yunivesite, za a Gwanda ndinazimva mochedwa kwambiri, mlongo wanga atatuluka kalekale. Mayi anga mpaka lero dzinalo salidziwa.

Ndipo lamulo limeneli si lathu n'komwe. Linabwera ndi atsamunda m'malamulo a Nyasaland cha m'ma 1930, lochokera ku lamulo la ku England la mu 1824 lothana ndi anthu oyendayenda opanda ntchito. Kulikonse kumene linapita linkagwira anthu a mtundu umodzi: osauka amene akuyenda pa nthawi imene olemera agona. Ku America, ukapolo utatha mu 1865, maboma a kummwera anagwiritsa ntchito malamulo ofanana nawo kugwira anthu akuda n'kuwabwezera kukagwira ntchito yokakamiza, ndipo bwalo lalikulu la dzikolo linadzathetsa lamulo lotere la mzinda wa Jacksonville mu 1972. Ku South Africa chinali chiphaso: onetsa pepala lonena kuti ndiwe ndani ndipo ukutani m'tauni ya azungu. Anthu 69 amene anaphedwa ku Sharpeville pa 21 March 1960 ankakana funso limeneli. Ku Tunisia, Mohamed Bouazizi amene anadziotcha mu December 2010, boma n'kugwa patangotha mwezi, anali venda wa zipatso wolandidwa katundu. Mu December 2020 bwalo la ufulu wa anthu la mu Africa, limene lili ku Arusha, linapereka maganizo ake kuti malamulo a vakabu akuphwanya pangano la ufulu wa anthu la mu Africa. Tikamaonera nkhani za ufulu pa TikTok timaganiza kuti ndi za George Floyd ndi ma placard a ku Minneapolis. Zilinso pamsewu wa ku Wakawaka 4 koloko m'mawa.

Ndibwerere ku buku, poti ndi limene ndinalonjeza.

Chimene a Mapanje achita bwino koposa n'chakuti sanadziike pakati ngati ngwazi yokhayokha. Mikuyu ya m'bukumu ndi mudzi wodzaza anthu. Muli a Martin Machipisa Munthali amene anakhala m'ndende zaka 27, muli dokotala wa ubongo a George Mtafu, muli a Brown Mpinganjira, ndiponso muli anthu ena amene mayina awo simudzawapeza m'buku lina lililonse la mbiri. Muli nyemba zofumbwa, muli timbalame timene tinkagona pamwamba pa bwalo la ndende n'kumaipitsira akaidi, timene anatitchulanso pamutu wa buku lawo la ndakatulo la mu 1993. Ndipo muli asilikali a ndende amene ankazembetsa timakalata kupita kunja. Amenewa ndi amene anandigwira mtima. Munthu wa malipiro ochepa, wa ana kunyumba, wodziwa kuti akapezeka nako kakalatako alowa m'chipinda chomwecho chimene akulondera, koma n'kukanyamulabe. Popanda iwowo, anzawo a a Mapanje a ku Zomba ndi a ku Ulaya sakanadziwa choti anene. Bukuli likuvomereza ngongole imeneyi mosabisa, ndipo pa chifukwa chimenechi chokha ndi loyenera kuliwerenga.

Zofooka zilipo. Ndi lalitali kuposa mmene nkhani yake ikufunira. Pali malo amene a Mapanje amabwerera ku funso loti anawapereka ndani, kuloza akuluakulu ozungulira Kamuzu ndi ena a pa yunivesite, kuchoka, n'kubwereranso pomwepo. Ndikumvetsa kuti munthu womangidwa popanda chifukwa amakhala akusakasaka chifukwacho moyo wake wonse, ndipo mwina kubwerezako ndi chipsera chimene. Koma monga wowerenga ndinatopa, masamba ena ndinadumpha. Mayina a mabungwe ndi anthu a kunja amene anawamenyera nkhondo ndi ochuluka moti pena bukuli limamveka ngati kalata yothokoza. Ulemu ndi wabwino, koma umaziziritsa nkhani.

Komabe mayina ochulukawo anandiphunzitsa kanthu kamene mwina wolemba sankalinga. A Mapanje anapulumuka chifukwa anali ndi dzina lodziwika ku London. Anali ndi buku losindikizidwa ndi Heinemann, anali ndi anzawo odziwa kulemba makalata ku Amnesty International ndi ku PEN, dziko linkatha kufunsa kuti munthu uja ali kuti. Sindikunena izi mowachepetsa. Zaka zitatu ndi theka za moyo wa munthu si zamasewera, ndipo enafe sitingapirire sabata. Ndikunena kuti shelefu yathu ya mabuku a kundende ndi ya anthu a mtundu umodzi. A Sam Mpasu analemba Political Prisoner 3/75 za kumangidwa kwawo mu 1975 chifukwa cha kabuku kawo ka Nobody's Friend. Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno, analemba Fearless Fighter za mmene iwo ndi amuna awo a Orton anagwidwira mu December 1981, kuweruzidwa kuti aphedwe, a Orton n'kumwalira m'ndende ya Zomba mu October 1992, iwo n'kutuluka mu January 1993. Onsewa ndi mabuku ofunika. Onsewa ndi a anthu ophunzira kwambiri, olembedwa m'Chingerezi, ndipo onse chimake chawo ndi kugwa kwa chipani chimodzi.

Zotsatira zake n'zakuti ife amene tinabadwa referendamu ya pa 14 June 1993 itadutsa tinaphunzira kuti womenyera ufulu ndi munthu womangidwa chifukwa cha zimene analemba kapena kunena, ndipo nyengo yake inatha. Womangidwa chifukwa choyenda ndi dengu mbandakucha si mkaidi wa ndale, ndi watsoka chabe. Wina timamuikira tsiku lokumbukira, wina timamufunsa kuti nawenso umayenderanji usiku. Mwa atatuwa, Mayi Chirwa ndi amene anaoloka mzere umenewu poyera: atatuluka anagwira ntchito ya akaidi wamba, mpaka kukhala nthumwi yapadera yoona za ndende pansi pa bungwe la ufulu wa anthu la mu Africa. Anadziwa kuti chitseko chimene chinatsegukira iwo sichinatsegukire onse. Mlandu wa a Gable Masangano mu 2009, pamene bwalo linanena kuti kuthithikana ndi kaperekedwe ka chakudya m'ndende zathu n'kuzunza anthu, unabwera patatha zaka 15 chiyambireni demokalase. Amene munapitako ku Maula kukaona m'bale mukudziwa ngati zinasintha.

Nkhani ya chiyankhulo ndiikhudze pang'ono, poti anzanga ena amati ndimaikokomeza. Chimene chinagwedeza dziko lino mu 1992 sichinali ndakatulo ya Chingerezi. Inali kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, moti agogo a ku Kawale anaimva ndi makutu awo popanda womasulira. Boma linachita nayo mantha chifukwa chomwecho. Lero gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limanena kuti womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chimene akumva, ndipo aonekere kubwalo pasanathe maola 48. Ndiye kuti funso lija linabwezedwa kwa eni ake: wapolisi ndi amene afotokoze, osati iwe. Koma chigamulo cha a Gwanda chili m'Chingerezi cha maloya, buku la a Mapanje lili m'Chingerezi cha aphunzitsi a pa yunivesite ndipo m'masitolo a mabuku mu Lilongwe ine sindinalionepo. Ufulu ulipo papepala ngati lija la pakhoma la belo yaulere. Mayi anga analiwerenga bwinobwino, si kuti sadziwa kuwerenga. Ankadziwa kuti palibe amene adzafunse za mwana wawo.

Pali chinthu china chimene ndikanakonda kuchilumpha koma sindingathe. N'zosavuta kulemba ngati kuti ife a m'makomboni ndife ozunzidwa okhaokha. Mu May 2023 apolisi anasesa anthu othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita malonda m'makomboni a Lilongwe, ku Mgona ndi madera ena, aja timangowatchula onse kuti Maburundi ngakhale ena ndi a ku Rwanda kapena ku Congo. Anthu mazanamazana, ana omwe, anayamba asungidwa kundende ya Maula asanawapititse ku Dzaleka, kampu imene inali kale ndi anthu oposa 50,000. Boma linati likutsata lamulo loti othawa kwawo azikhala kukampu, ndipo lamulolo lilipodi, monga la vakabu linalili. Ine ndikukumbuka zimene zinkayenda m'magulu a pa WhatsApp masiku amenewo. Ambiri tinaombera m'manja. Tinati atilanda geni, apite. Ena mwa anawo anabadwira konkuno, Chichewa chawo n'chimodzimodzi changa, ndipo anafunsidwa funso lomwe lija ndi anthu amene dzulo lake ankagula sopo pangongole pashopu ya bambo awo. Mwambi wa chaona mnzako tonse timaudziwa, koma sabata imeneyo sindinaumve paliponse. Dzaleka yomweyo, musaiwale, inali ndende ya Kamuzu isanakhale kampu mu 1994, ndipo a Mboni za Yehova ambiri anatsekeredwa kumeneko chifukwa chokana kugula khadi la chipani.

Ndiponso mavenda amene ndikuwaikira kumbuyo pano, ena mwa iwo ndi amene mu January 2012 ankavula amayi ovala mathalauza m'tauni ya Lilongwe, patatha zaka pafupifupi 20 lamulo la Kamuzu loletsa zovala zotere litachotsedwa. Ndinali mtsikana wa kusekondale, ndipo ndikukumbuka mayi akundiuza kuti ndikamapita kudepoti ndizimanga chitenje pamwamba. Wofunsidwa m'mawa amasanduka wofunsa masana. Buku la a Mapanje limadziwa zimenezi za anthu: muli akaidi okayikirana okhaokha, muli ophunzira anzawo amene anangoti zii. N'chifukwa chake ndikuliona kuti ndi loona kuposa zolemba zambiri za mabungwe zimene zimagawa dziko pawiri, oipa uko, ozunzidwa kuno.

Ndiye chigamulo changa pa bukuli n'chotani? Liwerengeni, dumphani pamene patopetsa, koma musaliwerenge ngati mbiri yakale ya nthawi ya agogo. Ndipo ife amene timadzitcha olemba, amene timadzaza Facebook ndi ndakatulo za chikondi ndi za "Africa dzuka", tili ndi ngongole. Nkhani ya a Gwanda ili ndi zonse zimene sewero labwino limafuna, munthu wamba, thumba la majumbo, mdima, oweruza atatu, koma ine sindinaionepo pasiteji kapena kuimva pawailesi ngati sewero. Inenso sindinalembepo za mlongo wanga mpaka lero, zaka zonsezi, chifukwa mumtima ndinkaona ngati si nkhani yoyenera kulembedwa. Ndinkaona ngati ndi zochititsa manyazi za pabanja.

Lamlungu lapitali tikusankha tomato pakhonde, ndinamufotokozera za chipinda cha ku Blantyre chija m'Chichewa, mmene ndikanathera. Anaseka mpaka kuika dengu pansi.

"Ndiye anayankha kuti chiyani, asisi?"

Ndinamuuza kuti panalibe yankho limene likanawatulutsa.

"Bola iwowo anawafunsa kaye. Ine funso linabwera mbama itafika kale."

Za mbamayo sanatiuzepo, ngakhale mayi. Ndinamupempha kuti afotokoze zonse kuyambira pamene anatseka chitseko m'mawa umenewo, ine ndikujambula mawu pafoni. Anakana kaye, akuti za ziii, ndani angamvere zimenezo. Kenako anayamba, ndipo anayankhula mphindi 23 osaima, mpaka kutchula mtundu wa nsapato za mlonda uja ndi nyimbo imene amayi awiri aja ankaimba chapansipansi m'chitokosi. Sindinazilembe pano chifukwa ndi zake, ndipo sanandilole. Masiku ano amanyamuka 5 koloko, kukayamba kuyera, ndipo amapeza tomato wabwino atatengedwa ndi a magalimoto.

Mwini buku, ndibweretsa Loweruka. Pa tsamba lina pali dontho la supu, undikhululukire.